Mwala wa aSampulo ndi Dimba la Amayi Anga

Amalume anga, aYotamu Phiri, tinawaika m'manda sabata yatha, ndipo ine misozi sinatuluke. Za pamaliro ndinathamanga nazo monga mwana wa mlongo wawo: nkhuni ndinatuta, mipando ndinanyamula, akatekisiti ndinakawatenga ku Guilleme pa njinga yanga yamoto. Koma ataimirira woyankhulira banja n'kunena kuti mudzi wataya nkhokwe ya nzeru, munthu wokonda mbumba yake, ndinachoka pagulu n'kukaima kuseri kwa khola la mbuzi. Ndimadzidziwa ine. Pakamwa panga sipachedwa, ndipo amayi anali atandigwira kale mkono m'mawa n'kundiuza kuti, "Kosimasi, lero lokha, chonde." Lero lokhalo linatha. Zimene ndikanayankhula kumanda kuja ndazilemba pano, ndipo wofuna kukwiya akwiye.

Dzina loti aYotamu ambiri analimva koyamba pamaliro pomwepo. Kuyambira kuno kwathu mpaka pa Kamwendo ankadziwika kuti aSampulo. Ali mnyamata anapita ku migodi ya kopa ku Zambia, ndipo ntchito yawo kumeneko inali m'chipinda chophwanyiramo timiyala toti akatswiri aziyeza. Timiyalato ankati masampulo. Pobwerera kumudzi mawuwo anabwera nawo, n'kuwasandutsa khasu lawo. Tsiku la msika ankayenda mzere ndi mzere: pa mtedza wokazinga sampulo, pa usipa sampulo, pa zitumbuwa sampulo, pa chiwaya cha nyama abwereze ndithu chifukwa yoyambayo akuti sinamveke bwino. Akamatafuna ankayang'ana kumwamba, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti katunduyu sanafike pa muyezo. Kenako ankapita kwa wina. Sindinawaonepo akugula kanthu. Amayi ena ogulitsa akawaona akubwera ankavundikira lichero ndi chitenje.

Ankavala jasi yoyera ya kuntchito kuja, yofika m'mawondo, ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Inali itachita chikasu m'khosi, mabatani ake osiyanasiyana, koma akazi awo aNambewe ankaisita ngati mkanjo wa ansembe. M'thumba lina munkakhala kagalasi kokulitsira zinthu, m'thumba linalo maginito omwe anagulula mu sipika ya wailesi yakufa, atawamangirira ku chingwe cha nsapato. Ife a kuno ankatinena kuti maso athu amathera pa mpini wa khasu. Ukawafunsa funso ankayamba ndi kuusa moyo, kuti udziwiretu kuti ndiwe mbuli asanakuyankhe. Akakwiya ankasakaniza Chinyanja cha ku Zambia ndi Chingerezi chothyokathyoka, n'kumakutcha mudala ngakhale uli mwana wa dzulo.

Koma sindikuwada chifukwa cha zitumbuwa za eni. Ndikuwada chifukwa cha dimba.

Agogo aakazi anasiyira amayi anga dimba m'mphepete mwa dambo, kumunsi kwa mudzi. Nthaka yakuda bii, chitsime chosaphwa ngakhale chilimwe chikule bwanji. Bambo athu atamwalira, dimba limenelo ndilo linakhala bambo athu. Mpiru, tomato, anyezi, chimanga chachiwisi nthawi yomwe aliyense alibe, amayi ankasenza kupita nazo pa Kamwendo, ndipo ine ndi alongo anga tinkadya, kuvala ndi kupita kusukulu. Amalume analibe nalo ntchito dimbalo. Ankati ulimi wothirira ndi kheni ndi wa anthu osayenda. Analiyang'ana koyamba ndi maso onse awiri tsiku lomwe munagwa mwala wochokera kumwamba.

Ndifotokoze kaye za mwalawo, chifukwa ulaliki wake ndinaumva mpaka kuuloweza ndisakufuna. Aliyense wofika pakhomo pawo, kaya wabwera kudzabwereka nkhwangwa, kaya kudzanena za matenda, ankamukhazika pansi n'kumuyambira kutali. Ankati miyala yonse ya pansi pano, ya m'mapiri a Mchinji ndi ya m'migodi yomwe, ndi yophikaphika. Dziko lino akuti linasungunuka lonse kalekale, chitsulo cholemera n'kumira pakati ngati masese a thobwa, zopepuka n'kuyandama pamwamba, ndipo ife timalima pa zoyandamazo. Koma mwala wawowo sunalowe nawo mumphika umenewo. Chitsulo, sulufule ndi mchenga zinali zikadali zosakanikirana momwe zinalili mu fumbi lomwe linapanga dzuwa ndi maiko olizungulira. Ankati ndi zotsala pomanga, ngati mulu wa mchenga womwe umakhala kuseri nyumba ikatha, ndipo zotsala zoterozo zilipo zambirimbiri, zikuzungulira dzuwa kupitirira dziko lofiira lija limaoneka ngati nyenyezi. Zikagundana kumeneko, kachidutswa kamasochera n'kudzagwa kuno.

Akafika pamenepa ankatulutsa kagalasi kaja n'kukulozera pangodya pomwe mwala unabenthuka pogwa. Kunja unali wakuda ngati mphika wapamoto, koma kuderako kunali kachikopa chabe, kopyapyala ngati chikhadabo, komwe akuti kanapsa pamene mwala unkang'amba mpweya. M'kati munali motuwa, mukunyezimira timadontho ta chitsulo, ndipo munadzaza timibulu tozungulira ngati njere za mawere. Timibulu timeneto ndito tinkawalengetsa misozi. Ankati kalikonse kanali dontho la mwala wosungunuka lomwe linauma likuyandama, dziko lino lisanaumbike n'komwe, ndipo palibe mwala wa pansi pano uli nato. Dzina la mwala wotere ankalitchula mokweza kuti a nyumba yoyandikana amve: kondiraiti. Zonsezi anazimva kwa bwana wawo wina wa kumgodi yemwe ankapsinjira mapepala ndi kachidutswa ka mwala wamtunduwu. Bwanayo mwina anangoyankhula kamodzi akumwa tiyi. Amalume anabwereza mpaka mano anatha m'kamwa.

Ngakhale anyamata obwera kudzafunsira alongo anga sankapulumuka. Poti mwini mbumba ndi iwo, mnyamata ankayenera kudzera pakhomo pawo, ndipo m'malo momufunsa za kwawo ndi ntchito yake, ankamupatsa kagalasi n'kumufunsa chomwe akuona. Wina, wokonza njinga, munthu wabwinobwino, anayankha kuti akuona mwala. Anamubweza. Akuti m'banja mwawo simungalowe munthu wakhungu.

Akatekisiti akale, aLungu, ndiwo ankalimbana nawo. Tsiku lina tikutuluka m'tchalitchi anawaimitsa pakhomo anthu onse akumva.

"APhiri, mukusokoneza ana. Mukuti mwala wanuwo ndi wamkulu kuposa dziko. Ndiye kuti Mulungu anayamba ndi kulenga mwala wa aPhiri?"

"Inu aLungu, tchalitchi ichi pomanga munayamba ndi denga? Simunayambe mwatuta mchenga?"

"Mulungu satuta mchenga."

"Mwaonatu. Ngakhale Mulunguyo mukumudziwa pang'ono."

Anthu anaseka, ndipo kuyambira pamenepo awiriwo pa Misa sankapatsana moni wa mtendere. Aliyense ankapeza chokanda pa nthawi yake.

Mwalawo unagwa masana, nyengo ya dzuwa, amayi akuthirira mpiru. Amati anamva kuphulika kutali ngati tayala la thiraki, kenako mluzu wa chinthu chodutsa pamutu, kenako di! pabedi la mpiru, dothi n'kuwathira pachitenje. Dzenje linali lofika m'chigongono, mwala wake ngati papaya wamng'ono. Ataukhudza ndi nsonga ya chala anadabwa kuti sunali wotentha. Amayi a madimba oyandikana anathawa akukuwa kuti yagwa ndege ya afiti, ndipo ena anali atayamba kale kutchula dzina la gogo wina wokhala yekha. Amayi anga anachita zomwe mkazi aliyense wa kuno angachite: anathamangira kwa mlongo wawo, mwini mbumba. Pa moyo wawo wonse kulakwa kwawo n'komweko.

Amalume anafika atavala jasi, mabatani atamanga mopingasa chifukwa cha liwiro. Anatsitsira maginito m'dzenje, maginito n'kukakamira pamwala. Anagwada m'matope. Chimodzi chokha ndiwapatse: anadzuka n'kukalipira khamu lonse kuti palibe mfiti ingakwanitse kuponya chinthu chotere, ndipo gogo uja palibe anamukhudza. Chabwino chawo chinathera pomwepo. Anavula jasi, anakulunga mwala ngati khanda, n'kuuza amayi kuti bedi limenelo asaligwirenso mpaka akatswiri abwere kudzayeza malowo.

"Abwera liti, achimwene?"

"Nkhani ngati iyi sichedwa, Naphiri. Dziko lonse limva. Iwe ingosunga khasu."

Bedi limodzi amayi sanadandaule nalo. Koma chingwe chomwe amalume anamanga pamenepo chinali ndi miyendo. Posakhalitsa chinameza mabedi oyandikana, akuti mwina muli tizidutswa tina. Kenako chinameza chitsime, akuti madzi othirira akusokoneza nthaka ya sampulo. Mvula isanagwe dimba lonse linali m'kati mwa chingwe, tomato akuwolera pamitengo ife tikuona. M'malo mwake anawalozera amayi kamunda ka kumtunda, ka nsangalabwi zokhazokha, komwe ngakhale chisoso chimamera mokayika. Amayi anakadandaula kwa akuluakulu a banja. Amalume anafika pamsonkhanopo ndi jasi yawo n'kuwauza za magalimoto a akatswiri, za msewu womwe udzapalidwe mpaka kudambo, za mudzi wathu kutchulidwa pa wailesi. Madoda aja, omwe sanathirirepo phata limodzi la mpiru chibadwire, anagwedeza mitu n'kuuza amayi kuti apirire pang'ono. Kupirira pang'onoko kuli m'kati, ine ndinasiya sukulu ndili Fomu 2, amayi n'kuyamba maganyu m'minda ya fodya ya anthu omwe kale ankawagula tomato.

Amalume anali otanganidwa ndi kukonzekera alendo. Anandandalika miyala kuchokera kumsewu mpaka padzenje n'kuipaka laimu, ngati pasukulu kukamabwera akuluakulu a boma. Anakhoma benchi yoyang'ana kumsewu. Anadzala mabulugamu kuzungulira dimba lonse kuti magalimoto adzapeze mthunzi. M'mawa uliwonse akamwa tiyi ankatsetsereka n'kukakhala pabenchipo, ndipo fumbi likabuka kumsewu ankaimirira n'kukonza kolala. Linkakhala fumbi la ngolo. Komatu akatswiriwo sanawaitane n'komwe. Ankati munthu wokhala ndi mwala ngati uwu sapempha alendo, odziwa ntchito yawo amva okha.

Ndiye panali kusambitsa. Loweruka lililonse aNambewe ankatereka madzi, amalume n'kukhala pakhonde ndi beseni lapadera lomwe munthu sankaloledwa kusambiramo m'manja. Mwala ankaupaka sopo, kuukwecha ndi mswachi, kuutsukuluza, kuupukuta ndi thaulo, pomaliza n'kuudzoza mafuta odzola kuti uziwala. Ankati kumgodi lamulo loyamba linali limenelo: sampulo yakuda silowa m'chipinda choyezera, uyambe waitsuka. Ana awo enieni sindikhulupirira kuti anawasambitsapo. Patapita nthawi mwala unayamba kutuluka thukuta lofiirira lomwe linkadetsa thaulo. Iwo anati ndi fumbi la kuno likuumata, n'kuwonjezera sopo.

Ine ndinalimbana nawo mwamphamvu kamodzi. Chaka china njala itavuta ndinadumpha chingwe, ndinagalauza kumapeto kwa dimba, kutali ndi dzenje lawo, n'kuwokera tomato. Anandisiya mpaka tomatoyo atayamba maluwa. Kenako ndinawapeza akuzula phata ndi phata, modekha, akusanja pambali ngati akundithandiza.

"Amalume, mukuchita chiyani?"

"Ndikuchotsa zinyalala pamalo a sayansi, mudala."

"Sayansi yanuyo idzatiphikira ndiwo?"

"Ukanatha sukulu ukanamvetsa."

Sukulu yomwe anandichotsa okha! Zomwe ndinawayankha sindingazilembe pano, koma amayi otunga madzi anazimva ali kumjigo. Amayi anga anakapepesa ndi nkhuku. Ine mawu anga sindinabweze, ndipo sindidzabweza.

Katswiri anabwera ndithu, mabulugamu atatalika kale kuposa nyumba. Mphunzitsi wina wa sayansi pasekondale yapafupi anajambula mwalawo pafoni n'kutumizira anzake, chithunzi n'kuyenda mpaka kukafika kwa mayi wina wophunzitsa za miyala kuyunivesite. Mayiyo anatsika minibasi pa Kamwendo ndi kachikwama kumsana, n'kufunsa wa kabaza wodziwa mudzi wathu. Wa kabazayo ndinali ine. Mayiyo anali wochepa thupi, msinkhu wa alongo anga aakulu, atavala thalauzi n'kumanga chitenje pamwamba. Panjira anandifunsa ngati mwalawo ndinauonapo. Ndinati ndinauona mpaka kukhuta.

Amalume tinawapeza pabenchi. Nditaimitsa njinga anasuzumira kumbuyo kwathu, kufuna galimoto.

"Enawo ali m'mbuyo?"

"Ndabwera ndekha, agogo," anatero mayi uja atapinda mawondo mwaulemu. "Ndamva kuti mukusunga mlendo wochokera kutali."

Mawu amenewo anawakomera. Tinakwera kunyumba, anthu n'kusonkhana pakhonde, amayi anga nawo n'kufika kuchokera kuganyu, manja ali phula la fodya lokhalokha. Amalume anatulutsa mwala pa thireyi n'kulalika ulaliki wonse, kuyambira mumphika mpaka pa njere za mawere. Mayi uja anamvetsera osawadula. Kenako anatulutsa kagalasi kakekake n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Agogo, simunaname," anatero. "Ndi mwala wa kumwamba ndithu, ndipo timibulu iti ndi takale kuposa mwala uliwonse wa pansi pano. Mtundu uwu ndi umene umagwa kawirikawiri kuposa ina, koma wogwa munthu akuona ndi wosowa."

Amalume anatembenukira khamu, chifuwa patsogolo. "Mwamva? ALungu ali kuti? Wina akawaitane."

Koma mayi uja anali akununkhiza zala zake.

"Pepani agogo, mwaupaka chiyani?"

"Mafuta. Timausamalatu, mayi. Loweruka lililonse umasamba ndi sopo."

"Umasamba?"

"Madzi ofunda."

Mayi uja anagwira pakamwa. Ndinaona kuti akufunafuna mawu aulemu, ndipo anawapeza ochepa. Anati mwalawo unakhala nyengo zosawerengeka kumalo kopanda mvula, ndipo mdani wake wamkulu pansi pano ndi madzi. Timadontho ta chitsulo tija tikanyowa timachita dzimbiri, dzimbiri limatupa, mwala umang'ambika kuchokera m'kati. Anawaonetsa ming'alu yofiira yomwe inali itayenda kale ngati mizu. Anati mwala wongogwa kumene oyeza amaufuna chifukwa umakhala usanasakanikirane ndi za pansi pano, koma tsopano sopo ndi mafuta zinalowerera mpaka m'kati, ndipo zambiri zomwe mwalawo ukanaulula sizingadalirikenso.

"Miyala ya kumgodi imatsukidwa, n'zoona," anatero. "Uwu wokha ayi. Mukanangouika m'jumbo youma pamwamba pa kabati, basi."

Ndiye amayi anga, omwe sayankhula pagulu, anakhosomola.

"Pepani mayi, ndifunse nawo. Nanga dimba mudzaliyeza liti?"

"Dimba liti, mayi?"

"Momwe unagwera mwalawu. Tinasiya kulima, tikudikira inuyo."

"Munasiya liti?"

Amayi analoza mabulugamu omwe nsonga zake zinkaonekera kumunsi. Mayi uja anayang'ana mitengoyo, n'kuyang'ana manja a amayi.

"Mayi, kumeneko kulibe choyeza. Tikanangojambula dzenje, kufunsa amene anaona, n'kuyendayenda pang'ono kufuna tizidutswa. Si ntchito yoti munthu n'kusiyira munda. Mpiru wanu mukanapitiriza kuthirira tsiku lomwelo."

Amayi anangoyamba kukanda phula la fodya pachala, pang'onopang'ono.

Apa ndi pomwe ukulu wa munthu umaonekera. Amalume akanatha kunena kuti, Naphiri, ndinalakwa, tenga khasu lako. Anthu akanawaseka pang'ono n'kuiwala. Iwo anavundikira mwala ndi thaulo.

"Mwana iwe, abwana ako abwera liti?"

"Za miyala iyi bwana wake ndine, agogo. Ndikungopempha kachidutswa ngati chikhadabo, tikaone mtundu wake weniweni, kuti mwalawu ulembedwe ndi dzina la dera lino."

"Sampulo?"

"Eya, sampulo."

Munthu amene anadya masampulo a msika wonse wa Kamwendo anakana. Anati akudikira akatswiri enieni, obwera pa galimoto ndi makina, osati kamtsikana ka pa kabaza komwe sikanatsikepo mumgodi. Ndipo dimba likhala momwe liliri mpaka iwowo afike. Ndinadzuka nditakunga chibakera. Amayi anandikoka malaya kumbuyo mpaka batani linadumpha. Mayi uja ndinakamusiya pa Kamwendo. Potsika anati, "Amayi anu mukawauze kuti pepani." Iye amene sanalakwe kanthu.

Tsopano imvani ichi, inu amene munkati nkhokwe ya nzeru. Loweruka lotsatira aNambewe anatereka madzi monga mwa masiku onse, amalume n'kuwauza kuti aphule. Mwala sunasambenso kuchokera pamenepo. Anaukulunga m'jumbo youma n'kuuika pamwamba pa kabati, ndendende momwe kamtsikana ka pa kabaza kananenera. Ndiye kuti anamukhulupirira. Ankadziwa kuti zonse zomwe ananena n'zoona, za madzi ndi za dimba zomwe. Mwala anaumvera chisoni. Mlongo wawo wa bere limodzi ayi. Chingwe chikaduka ankamanga china, laimu akasuluka ankapaka wina, ndipo pabenchi ankakhalabe, akudikira anthu omwe ankadziwa bwinobwino kuti kulibe, chifukwa kuchoka pamenepo kukanakhala kuvomera mudzi ukuona. Ankakonda kunena kuti munthu wa sayansi amagonjera umboni. Umboni unabwera pa njinga yanga, iwo n'kuufunsa za abwana ake.

Amalume atadwala, ana awo ali ku Lilongwe, aNambewe nawo atafooka, amene ankawatembenuza pamphasa ndi kuwamwetsa phala anali amayi anga omwewo. Ndikawafunsa kuti mumatha bwanji, ankangoti, "Ndi achimwene anga." Ndinkaganiza kuti mwina imfa ikayandikira lilime lidzafewa. Tsiku lina ndikuwaza nkhuni pafupi ndi zenera ndinamva akuwaitana.

"Naphiri."

"Ee, achimwene."

Ndinasiya nkhwangwa kuti ndimve bwino.

"Akabwera aja uwalandire bwino. Apatse mipando yeniyeni, osati mphasa."

"Chabwino, achimwene."

Za dimba ananena ndi zomwezo.

Maliro atatha, mwana wawo wamkulu anatsitsa jumbo ija pakabati. Mwala unali utagawika zibenthu zofiira, zina zikufumbutuka m'manja ngati chigumu chouma. Anauthira m'chitini n'kupita nawo kutauni, akuti akafunse ngati pali woufuna. Palibe anamuletsa. Tsiku lometa, akuluakulu a banja, ena mwa iwo omwe aja anati tipirire pang'ono, analengeza ndi nkhope zachifundo kuti dimba libwerere kwa Naphiri. Kenako anadikira kuti tiwombe m'manja. Amayi anawomba.

Dzulo m'mawa tinatsetsereka awiri, ine ndi khasu ndi chikwanje, amayi ndi kheni yawo yakale yomwe anaisunga kudenga nthawi yonseyi. Msana wawo unapindikira m'minda ya fodya, ndiye tinayenda pang'onopang'ono. Chingwe ndinachidula ndi chikwanje, sichinalimbe n'komwe. M'kati nansongole wafika m'chiuno. Mizu ya bulugamu yayenda pansi ponse, ina yonenepa ngati mkono, moti khasu limangonjanja. Amayi analunjika pomwe panali chitsime. Anapeza dzenje lodzaza masamba ouma. Ndinalowamo n'kufukula mpaka thukuta linandilowa m'maso, koma linali fumbi lokhalokha, lotuwa, lonunkha bulugamu. Mitengo ija inamwa madzi onse a mbali yathu ya dambo. Amayi anatapa dothi, analifikisa m'manja, n'kulisiya kuti ligwe.

"Tikadula mitengoyi madzi abwerera, amayi," ndinatero.

"Mwina adzabwerera. Adzathirire ndi ana ako." Anaika kheni pansi pomwepo. "Tiye, dzuwa lakula."

Iwo anayamba kukwera, ine ndinatsalira pang'ono. Benchi ikadalipo. Thabwa lake lasalala mbali imodzi yokha, pomwe ankakhala amalume, mbali ya alendo yadyedwa ndi chiswe. Miyala yoyera ikadandandabe kuchokera kumsewu, ndipo ukaitsatira imakufikitsa pa kadzenje kosaya, koti nkhuku n'kuikiramo mazira. Mulibe kanthu. Pamwamba masamba a bulugamu akungosokosera ndi mphepo. Pansi, kuchokera pachitsime mpaka kumalire, palibe chomera chimodzi choti munthu angathyole n'kukaphika.